Mtengo wa tisheti pawokha, ya transipoti payokha

Pali khalidwe lina limene limanditopetsa pa geni yathuyi yogulitsa matisheti pa Facebook ndi pa WhatsApp. Munthu waikonda tisheti, wavomera mtengo, wanena ndi saizi yomwe. Ukangotchula ya transipoti, zii. Uthenga wawerengedwa, yankho palibe. Mawa lake ndiye umva kuti, "Koma anzanu ena akutumiza ulere."

Ulere umenewo kulibe, abale anga. Ine ndimakhala pa Chitakale kuno ku Mulanje, ndipo sindinamuonepo kondakitala wonyamula katundu wa munthu chifukwa cha chikondi. Amene akulengeza kuti amatumiza ulere, mwina ndalamayo anaibisa mumtengo wa tisheti, apo ayi akudya mpamba wake asakudziwa. Ineyo ndinakhala m'gulu lachiwirili kwa nthawi ndithu.

Taonani ulendo wa tisheti imodzi yopita ku Mzuzu. Ndiipinde, ndiiike mujumbo, ndikulunge ndi selotepi mpaka ilimbe ngati mpira wa ana, ndilembe dzina ndi nambala ya foni. Jumbo ndi selotepi sizimera kumunda. Katundu wopita kutali ine ndimakamukwezera ku Blantyre, ndiye ayenera kuyenda kaye, kaya msewu wa Midima wodzera pa Nkando, kaya wa ku Luchenza ndi Thyolo wokatulukira mu Limbe. Ndikapita ndekha, ndi ya minibasi popita ndi pobwera, komanso tsiku lathunthu limene sindinadinde kalikonse. Ndikapatsira kondakitala, naye afuna kangachepe, ndipo payenera kukhala wina womudikira pa siteji kuti akasiye phukusilo ku ofesi ya otumiza katundu. Kumeneko atchula mtengo wawo. Onjezanipo mayunitsi ofunsira kuti "mwafika pati?" kanayi kapena kasanu. Pomaliza kasitomala atumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba osaikapo yotapira, imeneyonso ichoka pa yanga yomweyo.

Poyamba ndinkangowerengera za pa risiti ya ku ofesi ija basi. Zinazo ndinkati n'zazing'ono. Chinanditsegula m'maso ndi Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mafuta anakwera, minibasi zinakwera, matisheti osadinda amene timaoda nawonso anakwera popeza ambiri amachokera kunja. Ine n'kuti ndili ndi chithunzi pa tsamba langa cholonjeza mtengo umodzi wotumizira kulikonse m'Malawi muno. Nditakhala pansi ndi kope, ndinapeza kuti tisheti iliyonse yowoloka Lilongwe inkapita ndi phindu lake lonse, ina mpaka kuluma mpamba. Ndinkagwirira ntchito madalaivala.

Alipo anzanga amene amaumirirabe pa mtengo umodzi wa dziko lonse, akuti suzunguza mutu. Zoona, suzunguza. Koma mtengo umodzi umatanthauza kuti mphunzitsi wa pa Luchenza pomwepa akulipirira ulendo wa munthu wa ku Karonga. Ndipo wa pa Luchenzayo si mwana, amadziwa bwino lomwe kuti minibasi yochokera ku Chitakale ndi ndalama zingati. Sakangana nawe, amangosiya kugula.

Masiku ano ndimati wa pa Boma, pa Chitakale ndi madera apafupi abwere adzatenge yekha osalipira kanthu, kapena alipire wakabaza. Wa mumsewu waukulu, kuyambira ku Muloza mpaka Limbe, ali ndi mtengo wake. Kupitirira pamenepo ndi mtengo wina, ndipo ukasintha kwa onyamula, nanenso ndimasintha tsiku lomwelo. Mitengo imeneyi ndimailemba pansi pa chithunzi cha tisheti, poyera. Zomati "bwerani ku inbox" ndinasiya, chifukwa munthu amapsa mtima kwambiri ndi ndalama imene waimva mochedwa kusiyana ndi imene anaiona asanayambe kufunsa. Katundu amanyamuka Lachiwiri ndi Lachisanu, kuti ulendo umodzi unyamule maphukusi angapo. Wofuna yake lero lomwe alipire ulendo wonse.

Pamene ndimalola "ulere" ndi pa oda yaikulu. Tisheti ndi chinthu chopepuka, zisanu zimangokwana kilo imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndiye mtengo wotumizira imodzi ndi wotumizira zisanu sizitalikirana kwenikweni. Kwaya ikaoda matisheti 30, kapena gulu likufuna kuvala zofanana popita ku Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde mu Okutobala, ya transipoti ukaigawa pa tisheti iliyonse imangotsala kadontho. Imeneyo ndimaipereka ngati mbasela ndi mtima woyera, ndikudziwa kumene yachokera.

Makasitomala nawo ali ndi mfundo, ndisawapondereze. Alipo ena mwa ife amene amatsitsa mtengo wa tisheti kuti akope anthu, kenako n'kukadyera pa transipoti. Kumeneko n'kuba. Ine ndikatumiza, risiti ndimaijambula n'kumuponyera mwini katundu, ndipo ngati yatsala ndalama ndimabweza, ngakhale ikhale yongokwana mandasi.

Koma chimene sindichitanso ndi chakuti "tumizani, ndilipira ikafika." Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bambo wina wa ku Lilongwe anandichonderera usiku wonse: "Achimwene, musakayike, ine ndi munthu wopemphera. Ikangofika mumva foni ikulira." Anafuna tisheti yakuda, kutsogolo phiri la Mulanje ndi mawu akuti Sapitwa, kumsana dzina lake m'zilembo zikuluzikulu. Ndinadinda, ndinatumiza ndi ndalama yanga. Itafika, tsiku loyamba anati ali kumaliro. Lachiwiri anati galimoto yawonongeka. Lachitatu foni inayamba kungoyankha yokha kuti mwiniwake sakupezeka. Patapita masabata awiri ndinalipiranso kuti phukusi libwerere, mtunda woposa makilomita 300 kufika ku Blantyre kokha, kenako Midima yonse ija.

Tisheti yokhala ndi dzina la munthu kumsana simungaigulitse kwa wina. Ndinangomupatsa mng'ono wanga, amene amaivala popita kothyola tiyi. Anzake a ku esiteti anayamba kumuitana dzina la kumsanalo, ndipo masiku ano akamuitana amatembenuka.