Chaka chino musayambire ku Genesis

Abale ndi alongo, Khirisimasi yapita, ndipo mipando ya m'tchalitchi imene inadzaza pa 25 Disembala yayambanso kusowa anthu. Pa 1 Januwale ambiri timalonjeza kuti chaka chino tiwerenga Baibulo lonse, ndipo tizidzuka m'bandakucha kupemphera ola lathunthu. Ine ndikuona kuti lonjezo lotereli ndi limene limazimitsa changu cha Akhristu ambiri, chifukwa katundu wake ndi wolemera kwa munthu amene sanazolowere.

Tiyeni tiwerengetsere. Baibulo la mabuku 66 lili ndi machaputala 1,189. Kuti mulimalize m'chaka chimodzi muyenera kuwerenga machaputala atatu tsiku lililonse, asanu Lamulungu. Genesis ili ndi machaputala 50, Eksodo 40, ndiye kuti Januwale akamatha mwafika ku Levitiko: malamulo a nsembe, a khate, a nyama zodetsedwa. Ndi Mawu a Mulungu ndithu, koma amafuna wina wokufotokozerani. Apa ndi pamene munthu amadumpha masiku atatu, n'kupezeka ali ndi ngongole ya machaputala 9. Manyazi amalowa, Baibulo n'kutsekedwa mpaka Isitala.

Yambani ndi Chipangano Chatsopano. Chili ndi machaputala 260, ndipo masabata 52 a masiku asanu amakwananso 260. Chaputala chimodzi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, basi. Loweruka ndi lobwezera pamene munadumpha, Lamulungu ndi la mapemphero. Muyambe ndi Luka, poti nkhani ya kubadwa kwa Yesu imene mwangoimva kumene ili m'chaputala 2, ndipo mudzamutsatira Mwanayo akukula, akuphunzitsa, mpaka pamtanda ndi kuuka kwake. Mukatha machaputala 24 a Luka, lowani mu Machitidwe a Atumwi, omwe analemba ndi Luka yemweyo.

Nthawi nayo iikidwe. Mawu oti "ndikapeza mpata" ndi amene amatigwetsa, chifukwa mpata subwera wokha. Danieli ankagwada katatu pa tsiku, pamalo amodzimodzi, ndipo lamulo la mfumu loletsa kupemphera kwa Mulungu litatuluka anangopitiriza zimene anazolowera (Danieli 6:10). Inu patulani mphindi 15. Zisanu zoyamba werengani. Zisanu zotsatira lembani m'kope ndime imodzi imene yakukhudzani ndi chinthu chimodzi choti muchite tsiku lomwelo, monga kupepesa kwa munthu amene munamulakwira. Zisanu zomaliza pempherani, mukutchula anthu mayina awo. Ngati mumawerengera pafoni, zimitsani kaye intaneti, apo ayi uthenga umodzi wa pa WhatsApp udya mphindi zonsezo.

Mukadumpha sabata yathunthu, musalimbane n'kubweza. Pitirizani pamene munalekeza, ngakhale mudzamalize chaka chamawa.

Chimene ndikufuna muchigwire kwambiri n'chakuti musayende nokha. Pezani Mkhristu mnzanu mmodzi, osati gulu la anthu 50 momwe aliyense amabisala, ndipo madzulo aliwonse muzitumizirana ndime imene mwalemba. Munthu mmodzi amazindikira msanga mukakhala chete masiku awiri. Kumpingo nako tengani ntchito yooneka: kwaya, kuwerenga malemba, kusesa, kuyendera odwala. Wokhala ndi ntchito savutika kudzuka Lamulungu, chifukwa akudziwa kuti ena akumudikira. Ahebri 10:25 amatichenjeza kuti tisaleke kusonkhana pamodzi.

Januwale amabwera ndi ngongole za zikondwerero ndi nkhawa za ntchito, ndipo Yesu anati nkhawa za moyo uno ndi minga imene imatsamwitsa mbewu (Marko 4:18-19). Musadikire kuti nkhawazo zithe kaye kuti muyambe kupemphera. Zilembeni m'kope lomwe lija, chilichonse ndi deti lake, muzizitchula pamaso pa Ambuye m'mphindi zisanu zomaliza zija, ndipo pakutha pa mwezi mubwerere kuona zimene zayankhidwa ndi zimene mukudikirabe.