Lekani kuyalutsa ana pamaso pa anthu

Zomwe zachitika m'komboni mwathu muno mu Chawama sabata yathayi zandisowetsa tulo. Mtsikana wina wapasukulu anamupeza ndi mauthenga a mnyamata mufoni. Azakhali ake omulera, m'malo momuitanira m'nyumba, anamukokera pampopi pomwe anthu amatunga madzi n'kuyamba kuwerenga mauthengawo mokweza, umodziumodzi. Azimayi akuluakulu, ena atavala zitenje za kumpingo, akuseka mpaka kugwirana mapewa. Wina n'kusolola foni kuyamba kujambula. Pofika madzulo kavidiyoko kanali katazungulira m'magulu a WhatsApp mpaka kwa anzake a m'kalasi. Kutacha mwanayo anafuna kudzichotsera moyo. Ndi chisomo chabe kuti anansi anathamanga naye kuchipatala msanga.

Ndiye mukuti kumeneko n'kulanga? Ndani anakulangani choncho inuyo? Kwathu ku Katete ndi ku Chadiza namwali ankalangidwa m'nyumba, chitseko chotseka, ndipo zomwe alangizi anena zinkathera momwemo. Mnyamata akalakwa, atsibweni ake ankamutengera pambali, kumunda kapena kudambo. Lero mwambo mwausiya, mwatola mkwiyo wokhawokha, n'kumati ndiye chikhalidwe chathu. Ndipo inu amene munalandira kavidiyoko n'kukatumiza kwina, akanakhala wanu wobereka nokha mukanatero?

Si nyumba imodzi ayi. Mwana walephera mayeso a Giledi 12, mukumutchula chitsiru alendo ali pomwepo, n'kumamuyerekeza ndi wa aneba. Mnyamata wakanidwa ndi mtsikana, mtima ukumuwawa, inu ndiye "mwamuna salira." Mtsikana wasiya kudya, wasiya kucheza, akungobindikira m'chipinda, inu mukuti ndi ulesi, kapena mukumuthamangitsira kwa mneneri kuti amuchotse ziwanda, osamufunsa n'komwe chomwe chamudya. Akayesa kutsegula pakamwa mumamutseka ndi mawu aja ndatopa nawo kuwamva: "Uli ndi nkhawa yanji iwe, umalipira lendi?" Kodi mtima umayamba kupweteka munthu akayamba kulipira lendi? Mwana wa zaka 14, thupi likusintha, mawu akusintha, anzake akumuseka chifukwa cha ziphuphu kapena nsapato yong'ambika, yekha sakudzimvetsa, ndiye kunyumba nakonso azikapeza bwalo la milandu? Inu simunakhalepo a zaka 14? Simunalembepo kalata yachikondi n'kuibisa m'buku?

Ndikudziwa, moyo wa mu Lusaka ndi wothamanga. Amayi amadzuka kusanache kukapikula kumsika wa Soweto, kubwera mdima utagwa, miyendo itatupa. Sindikunyoza thukuta limenelo. Koma kufunsa kuti "waswera bwanji mwanangu?" n'kudikira yankho kumadya makwacha angati?

Mukamukankha, alipo omulandira. Anyamata aja timawatcha majanki, osautsa anthu ku Kanyama, ku Matero ndi ku Chibolya, mukuganiza anagwa kumwamba? Ndi ana a m'nyumba zathu zomwezi. Kumeneko mwana amapatsidwa dzina, amasungiridwa malo, akasowa tsiku limodzi amamufunsa komwe anali. Kenako amupatsa chamba, amupatsa mankhwala a chifuwa aja amamwa kuti aledzere, amupatsa chikwanje. Boma linaletsa tujilijili, mowa uja wa m'timapaketi, mu 2012, koma mpaka lero pali akuluakulu ogulitsa kachasu ndi timabotolo kwa mwana wovala yunifomu, osachita manyazi. Mtsikana naye bambo wagalimoto akangomuuza mawu okoma omwe sanawamvepo kwa makolo ake, wapita. Mimba ikaoneka mumuthamangitsa usiku kukamutula kwa mwamunayo ngati katundu, chonsecho kuyambira 1997 mtsikana akabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Tsiku lomuperekeza kuchipatala cha matenda a maganizo ku Chainama kapena kumanda ndiye mudzayambe kulira kuti amulodza. Wamulodza ndani?

Mwana alangidwe, inde, sindinanene kuti tizimulekerera. Mulandeni foni ngati kuli kofunika, mukhazikeni pansi, muitanireni agogo ake kapena azakhali amene amawakhulupirira. Koma kumumenya ndi waya, kumuvula, kumujambula? Lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, limaletsa kulanga mwana pomumenya, ndipo polisi ikagogoda musadzati simunamve. Inu ana amene mukuwerenga izi, zikakuthinani musafe nazo mumtima. Imbani 116, ndi yaulere, kuli anthu omvetsera.

Abambo, musabisale kumbuyo kwa amayi. Osewera onse a Arsenal mumawadziwa mayina, ndi amene wavulala bondo yemwe, koma mnzake wapamtima wa mwana wanu simumudziwa. Ali kalasi yanji, mpaka mufunse amayi ake. Madzulo onse muli pabala ndi pepala la beting'i m'manja, kunyumba mumangofika kudzakalipa. Ubambo wake uti umenewo? Dzukani pamenepo, kazipitani kwanu.