Telala ndi Diresi ya Utawaleza

(Pa msika wa Kapata ku Chipata, mayi wina wabwera kudzatenga diresi ya mwana wake.)

MAYI: A Tembo, ndinakupemphani diresi ya utawaleza yoti mwana akavale pa sewero la kusukulu, koma mwaika papulo kumapewa, chofiira mwachitsitsira kumiyendo. Kodi utawaleza munauonapo inu?

TELALA: Ndinauona dzulo lomweli madzulo, amayi, mvula itangokata. Unali kum'mawa cha ku Mwami, dzuwa lili kumbuyo kwanga.

MAYI: Ndiye munaona kuti pamwamba pamakhala chofiira, kenako lalanje, chikasu, chobiriwira, buluu ndi indigo, ndipo papulo amatsekera m'munsi. Aphunzitsi anatero, ndipo anafotokoza kuti kuwala kwa dzuwa kumapindika polowa m'dontho la mvula, chofiira n'kupindika pang'ono kuposa mitundu ina yonse.

TELALA: Aphunzitsiwo sananame, koma anayang'ana utawaleza wam'munsi wokha. Nthawi zina pamwamba pake pamatuluka wachiwiri wozilala, umene kuwala kwake kumanjanja kawiri m'kati mwa dontho, ndipo mitundu yake imakhala chadodolido, chofiira pansi, papulo pamwamba. Ine ndasoka wachiwiriwo, womwe ndi wosowa kwambiri, ndipo sindinakukwezereni mtengo.

MAYI: Chabwino, tiyeni tiwerenge mizere. Apa ndikuona isanu yokha. Lalanje ndi indigo zapita kuti?

TELALA: Musaganize kuti nsalu inandithera. A Isaac Newton, amene anagawa kuwala kwa dzuwa ndi galasi la ngodya zitatu mu 1666, poyamba anawerenga mitundu isanu. Lalanje ndi indigo anaziwonjezera pambuyo pake kuti mitunduyo ikwane isanu ndi iwiri ngati manoti a nyimbo. Ine sindine woimba, choncho ndinatsata kuwerenga kwawo koyamba.

MAYI: Mwalankhula ngati munthu wophunzira, ndipo ndakhutira. Tinagwirizana K70, kutanthauza K10 pa mtundu uliwonse. Nanenso nditsata kuwerenga koyamba, landirani K50 iyi.

TELALA: Nanga K20 yotsalayo, amayi?

MAYI: Mukaitenge kwa a Newton, popeza ndi amene anawonjezera mitundu iwiriyo.

TELALA: Koma iwo anamwalira mu 1727!

MAYI: Mukafunse ana awo.

TELALA: Sanakwatire n'komwe, amayi. Khalani pa benchipo pang'ono, ndakumbukira kuti pansi pa makina pali kansalu ka lalanje.