Zomwe amasainirana kunja, olipira ndife

A Malawi anzanga, pali nkhani imodzi yomwe tinaisiya m'manja mwa abwana ngati kuti ife siitikhudza: momwe boma lathu limakhalira ndi maiko ena. Tikamva kuti nduna yakwera ndege kukasaina mgwirizano, kapena kuti dziko latsegula ofesi ya kazembe kwinakwake, ambiri timangodutsa, timati izo ndi za ku Capital Hill. Koma mankhwala akasowa pachipatala timalalatira namwino, ndipo mwana akafika Sitandade 4 asakutha kuwerenga timanyoza aphunzitsi. Mkwiyo wathu umathera pa anthu amene alibe mphamvu pa zomwe zikuchitikazo. Mavuto ambiri amene timakumana nawo kuchipatala ndi kusukulu amayambira pa ziganizo zomangidwa kutali ndi ife, zitseko zili zotseka, ndipo palibe amene amabwera kudzatifotokozera.

Kumbukirani 2011. Mu April chaka chimenecho boma la malemu Bingu wa Mutharika linathamangitsa kazembe wa dziko la Britain, a Fergus Cochrane-Dyet, chifukwa cha kalata yawo yachinsinsi yomwe inatuluka m'nyuzipepala, momwe ankauza akuluakulu awo ku London kuti Pulezidenti wayamba nkhanza ndipo safuna kudzudzulidwa. Britain nayo inabweza kazembe wathu. Pofika July inaimitsa thandizo lomwe inkaika mwachindunji mu bajeti ya boma. America inaimikanso ndalama zokwana $350 miliyoni za Millennium Challenge Corporation zomwe zinali zokonzera magetsi, anthu 20 ataphedwa pa zionetsero za pa 20 July. Sindikunena kuti mavuto onse a chaka chimenecho anabwera chifukwa cha kazembe mmodzi, ayi. Fodya sanayende bwino pamsika, ndipo boma linkakakamira mtengo wa kwacha womwe sunali woona. Koma amene anagona pamizere ya mafuta akudziwa, ndi amene ankabwezedwa kuchipatala kuti akagule okha mankhwala akudziwanso, kuti mkangano wa atsogoleri unawonjezera moto pa mavutowo. Funso langa ndi ili: ndani anaima pamaso pa aphungu kuwerengera kuti tikathamangitsa munthuyu titaya ndalama zakutizakuti, ndipo tidzazipeza kwakuti? Dziko lililonse lili ndi ufulu wobweza kazembe. Koma ufuluwo ndi wathu tonse, ndipo amene akuugwiritsa ntchito m'dzina lathu ayenera kutiuza mtengo wake.

Zaka zochepa izi zisanachitike, kumapeto kwa 2007, Malawi anasiya ubale wa zaka zoposa 40 ndi Taiwan n'kuyamba ubale ndi China. Anthu tinangouzidwa mu January 2008 zonse zitatha kale. Zipatso za ubale watsopanowo tikuziona ndi maso: Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga–Chitipa, BICC, bwalo la zamasewero la Bingu, yunivesite ya MUST ku Thyolo. Mwina chinali chiganizo chanzeru, ndipo maiko ambiri a mu Africa anachita chimodzimodzi. Komabe ku Mzuzu kunali madokotala a ku Taiwan amene ankagwira ntchito pachipatala chachikulu chomwe dziko lawo linamanga, kuphatikizapo kusamalira anthu omwa ma ARV, ndipo ubale utatha ananyamuka. Wodwala wa ku Mzuzu sanafunsidwe. Komanso zina mwa zomanga zija zinali ngongole osati mphatso, ndipo obweza ndife ndi ana athu. Ndi angati mwa ife amene angasiyanitse kuti ichi tinapatsidwa, ichi tinakongola, pa chiwongoladzanja chotani, kwa zaka zingati?

Koma nkhani yomwe imandiwawa kwambiri ndi ya achinyamata opita ku Israel. Mu November 2023, nkhondo ya ku Gaza ili pachimake, ndege inanyamuka ku Lilongwe ndi achinyamata 221 kupita kukagwira ntchito m'minda ya kumeneko. Minda imeneyo inasowa antchito chifukwa anthu ambiri a ku Thailand anathawa pambuyo pa chiwembu cha pa 7 October, momwe antchito ena akunja anaphedwa ndipo ena anagwidwa, kuphatikizapo achinyamata a ku Tanzania kuno kwa aneba athu. Nkhaniyi a Malawi ambiri anaimva pamene a Kondwani Nankhumwa, omwe panthawiyo anali mtsogoleri wa mbali yotsutsa, anaidzutsa m'Nyumba ya Malamulo. Boma silinayambe ndi lokha kutiuza.

Ndimvetseni bwino. Sindikudzudzula mnyamata amene anakwera ndegeyo. Munthu amene wamaliza Fomu 4, mwina ndi koleji yomwe, n'kukhala zaka akungoyenda ndi envelopu ya mapepala, ndipo m'mwezi womwewo kwacha yagwa ndi 44 peresenti, akamva za ntchito yolipira ndalama zakunja adzapita basi. Makolo athu ankapita ku Wenela ndi ku Teba pa chifukwa chomwecho. Koma mbiri ya ku migodiyo ndi imene imayenera kutiphunzitsa kusamala, chifukwa mpaka lero alipo agogo amene akudikirabe ndalama zawo za ku Joni, ena anamwalira asanazione. Pamene boma likutumiza ana a eni kudziko komwe kuli nkhondo, makolo awo ayenera kudziwa zinthu zooneka: malipiro ndi angati, amadulapo zingati ndipo amadula ndani, makampani olemba anthuwo anasankhidwa bwanji ndipo eni ake ndi ndani, mwana akavulala kapena kumwalira banja lilandira chiyani, akazunzidwa akadandaula kwa yani. Mu 2024 tinamva kuti ena anachoka m'mindamo ponena kuti malipiro sanali omwe analonjezedwa, ndipo ena anabwezedwa kuno. Mgwirizano ukanakhala poyera kuyambira pachiyambi, sitikanakangana za amene akunena zoona. Aliyense akanangowerenga. Ndipo mu April chaka chomwecho tinatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv, panthawi yomwe South Africa, mnzathu wa mu SADC, inali itasumira Israel kukhoti la dziko lonse ku The Hague. Wina angagwirizane ndi mbali yomwe boma linatenga, wina angatsutse, ndipo m'mipingo ndi m'mizikiti mwathu maganizo ndi osiyana. Chomwe ndikukana ine ndi choti mbali ya dziko lonse isankhidwe popanda kukambirana kwenikweni m'nyumba yomwe tinatumizako otiyimira.

Tsono tibwere ku thumba. Mu 2009 boma linagula ndege ya Pulezidenti, ndipo Britain inadula thandizo lake ndi mapaundi 3 miliyoni chifukwa cha zimenezo. Mu 2013 boma la mayi Joyce Banda linaigulitsa pa $15 miliyoni. Ndalamazo zinapita kuti? Tinauzidwa za chimanga, kenaka tinauzidwa kuti zinabwezera ngongole ya zida za asilikali. Katundu wa boma wa mtengo wotere sayenera kukhala ndi nkhani ziwiri. Chaka chomwecho kunaphulika Cashgate, a Paul Mphwiyo, omwe anali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, atawomberedwa mu September, ndipo akatswiri ofufuza za ndalama a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni inatuluka m'miyezi yochepa, ina kudzera m'makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Maiko otithandiza anaimika $150 miliyoni, panthawi yomwe pafupifupi 40 peresenti ya bajeti inkachokera kwa iwo. Apa ndi pomwe zimaonekera kuti kuba kwa mkati ndi ubale wakunja ndi nkhani imodzi. Akuba anaba kamodzi, koma wodwala anaberedwa kawiri: ndalama zake za msonkho zinapita, thandizo lomwe likanatseka dzenjelo linapitanso.

Wina asaganize kuti ndikuloza chipani chimodzi. Mu 2021, boma la a Lazarus Chakwera lili pampando, kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya Covid-19 anaonetsa ndalama zambiri zitathera m'ma alawansi ndi kugula zinthu mosatsata malamulo, pamene anthu ankafa posowa mpweya m'zipatala. Mu 2022 K750 miliyoni ya feteleza wa AIP inalipidwa ku kampani ya ku Britain yomwe inapezeka kuti malonda ake ndi a nyama. Nduna zinachotsedwa, inde. Koma kuchotsa nduna si kuyankha. Kuyankha ndi kutiuza amene anasaina, amene anavomereza, ndalama zomwe zabwezedwa, ndi chomwe chasinthidwa kuti zisachitikenso. UDF, DPP, PP, MCP ndi Tonse, onse alamulirapo, ndipo chizolowezi chobisa mapepala palibe amene anachithetsa.

Ku maphunziro nkhaniyi imafika pamtima penipeni. Mu 1994 a Bakili Muluzi anabweretsa pulayimale yaulere, ndipo ana analumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ambiri amene tikulemba pa Facebook lero tinadutsa pakhomo limenelo. Koma zipinda zinalibe, mabuku analibe, ndipo boma linalemba mwachangu aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira ntchitoyo. Patha zaka zoposa 30, ana akuphunzirabe pansi pa mtengo, mphunzitsi mmodzi akuyang'anabe ana oposa 100 mu Sitandade 1, pamene achinyamata omaliza ku TTC amakhala zaka kudikira kulembedwa ntchito. Ndipo taonani amene akhala akunyamula mbali yaikulu ya katunduyu. Phala la ana m'sukulu zambiri ndi la Mary's Meals ndi WFP. Ndondomeko yophunzitsa ana kuwerenga, ndi masukulu ambiri a CDSS omwe anamangidwa posachedwapa m'midzi, zinali ndalama za USAID, bungwe la thandizo la boma la America. Mu January 2025 a Donald Trump atasaina pepala limodzi ku Washington loimitsa thandizo lakunja, mantha anagwira aliyense amene amadalira ma ARV, ndipo ntchito zambiri za zaumoyo ndi zamaphunziro zinaima. Kodi boma linali ndi ndondomeko yanji ya tsiku loterolo? Si kuti linali losayembekezereka, popeza 2011 ndi 2013 zinatichenjeza kale.

Panopa tikukamba za sekondale yaulere. Ine ndikuifuna ndi mtima wonse, chifukwa ndaona atsikana anzeru akusiyira pa Fomu 2 chifukwa cha fizi. Koma chifukwa chakuti ndikuifuna, ndikufunanso kuona masamu ake. Sukulu iliyonse ilandira zingati pa mwana mmodzi, ndalamazo zizifika liti, ndipo zichokera pati? Mu bajeti ya 2024/25 ndalama zolipira chiwongoladzanja cha ngongole zokha zinaposa zomwe zinapita ku maphunziro. Gawo lalikulu la ngongolezo ndi la m'mabanki a konkuno, zomwe boma limakongola pofuna kutseka mpata womwe thandizo lakunja linasiya komanso womwe kuwononga kwathu kunakulitsa. Ngati sitifunsa tsopano, mphunzitsi wamkulu ndi amene adzatsale yekha ndi sukulu yopanda choko, makolo akumuloza chala.

Chokhumudwitsa n'chakuti malamulo tili nawo. Gawo 12 la Malamulo Aakulu a dziko lino likunena kuti mphamvu zolamulira ndi zobwereka kwa anthu, ndipo zimakhalapo pokhapokha boma likuchita zinthu poyera ndi kuyankha kwa eni ake. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, titalimenyera zaka zambiri. Tili ndi ofesi ya Auditor General, komiti ya aphungu yolondoloza ndalama za boma (PAC), ACB, ofesi ya Ombudsman. Koma malipoti a kafukufuku amatuluka mochedwa, PAC imaitana akuluakulu a maunduna n'kuwakalipira pa wailesi, kenaka zii. Ngongole zakunja zimadutsadi m'Nyumba ya Malamulo, koma kawirikawiri mothamanga, mphungu aliyense akungopempha kuti chitukukocho chifikenso kudera kwake m'malo mofunsa momwe tidzabwezere.

Ine zomwe ndikupempha si zovuta. Mgwirizano uliwonse womwe boma lasaina ndi dziko lina wokhudza ndalama, ngongole, migodi, malo kapena kutumiza anthu kukagwira ntchito, uikidwe pa intaneti wonse ndipo mfundo zake zikuluzikulu zimasuliridwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zinenero zina, ziwerengedwe pa MBC ndi pa mawailesi a m'madera. Izi ndi zofunika kwambiri tsopano pomwe makampani akunja akuthamangira miyala ya ku Kasiya, Kangankunde ndi Kayelekera. Nduna ya zakunja izibwera chaka chilichonse pamaso pa aphungu kudzafotokoza kuti ofesi iliyonse ya kazembe yadya zingati ndipo yabweretsa chiyani, komanso kuti ogwira ntchito kumeneko anasankhidwa chifukwa cha luso kapena chifukwa cha chipani. Ulendo uliwonse wa Pulezidenti uzikhala ndi mndandanda wa opita ndi mtengo wake. Ndipo sukulu ndi chipatala chilichonse zizimata pakhoma ndalama zomwe zinalonjezedwa, zomwe zafika, ndi tsiku lomwe zafikira.

Inu amene mphungu wanu amabwera kumaliro ndi kumisonkhano ya chitukuko, nthawi ino mukamuona mufunseni kuti ngongole yomaliza yomwe anavomereza m'Nyumba ya Malamulo inali ya ndalama zingati, yochokera kuti, ndipo tiyamba kuibweza chaka chiti. Mudzalembe yankho lake pano kuti tonse tilione.