Mukuthamangitsa filimu kuti muone chiyani?

Loweruka usiku pa video show ina cha kwa M'baluku, mnyamata wogwira remote anachita chinthu chimene chikundiwawabe. Anaika The Godfather, filimu ya 1972. Ukwati wa koyambirira uja utangofika pakati, anthu awiri kumbuyo anayamba kukuwa kuti "thamangitsa aise, zolankhula zachuluka." Iye n'kuthamangitsadi. Pomwe pali mfuti ankaima, pomwe anthu akukambirana ankadumpha. Filimu ya maola pafupifupi atatu inatha ola lisanakwane, anthu n'kumatuluka akudandaula kuti ndi yobowa. Yobowa bwanji poti simunaionere? Mwaidula mutu ndi miyendo nokha, kenako mukuti siyenda.

Ndinene mosapsatira, abale anga. Filimu ndi nkhani. Filimu ndi nkhope ya munthu amene akuganiza zoti achite. Zipolopolo, magalimoto ogubuduka, anthu ovula, zonsezo ndi msuzi chabe, ndipo inu mukumwa msuzi n'kutaya chambo.

Taonani malo amodzi okha mu filimu imene ija. Michael, mwana wa mkulu wa zigawenga, amene akuseweredwa ndi Al Pacino, wakhala mu lesitilanti ndi anthu awiri amene akufuna kuwapha. Mfuti anamubisira kuchimbudzi. Wakaitenga, wabwerera, wakhala pansi. Winayo akupitiriza kulankhula koma kamera sikumulabadira, yangokhazikika pankhope ya Michael n'kumayandikira pang'onopang'ono. Maso ake akuyendayenda, sakumvanso zomwe zikunenedwa. Phokoso la sitima yapamtunda likukulirakulira mpaka kudzadza m'makutu. Kuombera kwenikweniko ndi kwa masekondi ochepa. Chimene chimakugwira pamtima n'chakuti munthuyu unamuona pa ukwati uja atavala yunifolomu ya usilikali, akuuza chibwenzi chake kuti iye si wa ntchito za bambo ake. Ukadumpha ukwatiwo, pa lesitilanti ukungoona mlendo akuombera alendo anzake. Palibe chokhudza mtima, chifukwa nkhani waichotsa.

Mafilimu akale a anthu akuluakulu ankamangidwa choncho. Tsamba limodzi la script limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa sikirini, ndiye filimu ya maola awiri ndi masamba ngati 120. Mwa masamba amenewo, oyambirira 25 kapena 30 ntchito yake ndi kukudziwitsa munthu: akufuna chiyani, akuopa chiyani, ali ndi ngongole kwa ndani. Ndi gawo lomwelo limene anyamata a remote amalidumpha. Mukudumpha maziko kenako mukudabwa kuti bwanji mapeto sakukoma.

Wina anena kuti popanda ndewu filimu siingagwire anthu. Bodza. 12 Angry Men ya 1957 ndi yakuda ndi yoyera, mphindi 96, ndipo pafupifupi yonse ikuchitikira m'chipinda chimodzi. Amuna 12 akukangana ngati mnyamata wa zaka 18 anaphadi bambo ake. Voti yoyamba, 11 akuti ndi wolakwa, mmodzi yekha akuti tiyeni tikambirane kaye. Kunja kukutentha, fani sikugwira ntchito, malaya anyowa ndi thukuta, zimene ife a kuno kunyanja timazidziwa bwino mwezi wa October. Wotsogolera filimuyo, Sidney Lumet, anayamba kujambula kamera ili pamwamba pa maso a anthuwo, kenako n'kumaitsitsa ndi kusintha malensi mpaka makoma akuoneka ngati akuwapanikiza. Woonera sadziwa chomwe chasintha, amangomva kubanika. Imeneyo ndiye ntchito. Palibe chipolopolo n'chimodzi chomwe, koma sungadzuke pabenchi.

Ngakhale nkhani za chikondi ndi za kuchipinda, akale ankazitenga ngati nkhani za anthu. Mwamuna ndi mkazi akatseka chitseko, iwe unali utadziwa kale kuti wina ali pabanja, wina akunama, wina mawa alira. Masiku ano zomwe akuzitcha za akuluakulu n'zongovula basi, dzina la munthu sulidziwa, chomwe wabwerera suchidziwa. Zimenezo si za akuluakulu. Munthu wamkulu amafuna kudziwa chifukwa chake ndi zotsatira zake.

Ndipo musati ndi zachizungu. Ousmane Sembène wa ku Senegal anapanga Mandabi mu 1968, m'chilankhulo cha Wolof, nkhani ya bambo wolandira ndalama kuchokera ku Paris amene akulephera kuzitapa chifukwa alibe chitupa. Ndani kuno ku Mangochi, kumene mabanja ambiri amadikira ndalama za ku Joni, sangaimve nkhani imeneyo? Kwathu konkuno Shemu Joyah anatulutsa The Last Fishing Boat mu 2012, ya msodzi wa pa nyanja yathu ino amene nsomba zamuthera pamene alendo odzaona malo akusintha mudzi ndi banja lake. Nkhani yathu, nkhope zathu. Imeneyonso muithamangitsa?

Mwina vuto ndi mafoni ndi timavidiyo ta masekondi 30, kaya. Koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

China chimene chikupha mafilimu amenewa ndi momwe tikuwaonetsera. Ku burning centre amafinya filimu ya maola awiri kuti ikhale 200MB, kuti zikwane zambiri pa memory card. Chimayamba kuonongeka ndi malo amdima ndi nkhope. The Godfather inajambulidwa mwadala ndi kuwala kochepa, maso a Marlon Brando, wosewera ngati bambo ake a Michael, nthawi zambiri ali mumthunzi. Ukaifinya choncho mthunzi uja umasanduka timabokosi takuda, nkhope n'kukhala phala. Pemphani 720p, yosachepera 1GB. Kenako sikirini: filimu ikabwera ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi, isiyeni. Mukadina zoom kuti idzadze TV mumadula m'mbali, ndipo pomwe anthu awiri akuyang'anizana mmodzi amasowa. Mukaitambasula, anthu amatalika n'kuonda.

Mawu ndiye penipeni. Mafayilo ambiri amabwera ndi mawu a 5.1, okonzedwera masipika 6, ndipo zolankhula zimakhala pa sipika ya pakati. Mukalumikiza masipika awiri okha osasintha kuti ikhale stereo, nyimbo ndi mfuti zimamveka bwino koma zolankhula zimangonong'ona. N'chifukwa chake anthu amati sakumva kanthu. Lowani mu audio, sankhani stereo, tsitsani bass pa amp chifukwa mawu a munthu sakhala ku bass. Ngati Chingelezi chikuthamanga, ikani fayilo ya .srt, ya mawu olembedwa pansi pa sikirini, ya dzina lofanana ndendende ndi la filimu mu foda imodzi, pulogalamu yoonetsera mafilimu ya VLC imaitola yokha.

Za omasulira m'Chichewa sindikutsutsa, athandiza anthu ambiri kutsatira nkhani. Chondikwiyitsa ndi womasulira amene satseka pakamwa. Wosewera wakhala chete, chibwano chikunjenjemera, misozi ili pafupi, iye ali pamwamba kupereka moni kwa anzake a ku Makawa ndi kutsatsa shopu ya mafoni. Kukhala chete kuja ndi gawo la sewero. Masulira zomwe zanenedwa, pomwe sakulankhula nawenso khala chete, usatsitse nyimbo ya filimu kuti tizimva nthabwala zako.

Ndiyenso eni ma video show, ana a yunifolomu amatani m'kati mwanu 10 koloko m'mawa? Sipika mwaikoleka panja, msika wonse ukumva zomwe mukuonetsa, chitseko ndi nsalu chabe, mwana wa Sitandade 4 wakhala benchi ya kutsogolo chikwama chili pamwendo. Filimu ya nkhani mukuti ndi yotopetsa, koma zolaula ana ali pomwepo ndiye simuzithamangitsa. Mulibe ana inu?