Nyenyezi zinabwera tsiku lachinayi

Usiku wa dzulo magetsi atazima ndinakhala pakhonde, kumwamba nyenyezi zili waa, ndipo ndinakumbukira funso lomwe arabi, aphunzitsi achipembedzo achiyuda, anadzifunsa kalekale powerenga Genesis. Mulungu anati "Kuyere" tsiku loyamba, koma dzuwa, mwezi ndi nyenyezi anazilenga tsiku lachinayi. Nanga masiku atatu aja kunkawala ndi chiyani?

Mu Talmud, mabuku a ziphunzitso za arabi akale, amayankha kuti kunali kuwala kwina, koti munthu n'kuona nako dziko lonse kuchokera uku mpaka uko. Mulungu ataona kuipa kwa m'badwo wa chigumula anakubisa, n'kukusungira olungama. Ine ndimamva chinthu chimodzi pamenepa: kuwala kunalipo nyenyezi zisanabadwe. Izo zinabwera mochedwa, n'kupatsidwa ntchito yokhala zizindikiro za nyengo, masiku ndi zaka. Ndi antchito, si mafumu.

Musaganize kuti Ayuda ankazinyoza. Kabuku kakale kotchedwa Sefer Yetzirah kamati dziko linalengedwa ndi zilembo 22 za Chihebri. Zitatu, zomwe amazitcha amayi, n'za mpweya, madzi ndi moto. Zisanu ndi ziwiri n'za mapulaneti ndi masiku a pamlungu, ndipo 12 zotsalazo n'za miyezi ndi magulu a nyenyezi. M'sunagoge wakale wa ku Beit Alpha ku Israyeli, wa m'zaka za m'ma 500, magulu 12 amenewa anawajambula pansi penipeni ndi timiyala. Ngakhale "mazal tov", mawu ofunirana mafuno abwino amene amafuula paukwati mpaka lero, mazal wakeyo ndi gulu la nyenyezi.

Koma panali mkangano. Rabbi Hanina ankati mazal ndiye amapatsa munthu nzeru ndi chuma. Rabbi Yochanan anakana, nati Israyeli alibe mazal, kutanthauza kuti nyenyezi sizilamulira moyo wa Aisrayeli. Ine mtima wanga uli kwa Yochanan. Zimandipweteka kwambiri ndikamva kuno kwathu munthu akuuzidwa kuti "nyenyezi yako anakubera", iye n'kugulitsa mbuzi kuti akaiwombole, kwinaku akuyang'ana azakhali ake ndi diso loipa.

Pali nkhani ya mwana wamkazi wa Rabbi Akiva imene sindiiwala. Openda nyenyezi anauza bambo ake kuti tsiku la ukwati wake adzalumidwa ndi njoka n'kufa. Bamboyo anada nkhawa kwambiri. Tsiku laukwatilo mtsikanayo anazula phini wa m'tsitsi lake n'kumubaya mumng'alu wa khoma. M'mawa pomuzula, njoka inatuluka ikulendewera, phini ali m'diso. Bambo ake anamufunsa chomwe anachita. Iye anati madzulo kunabwera munthu wosauka n'kuitana pakhomo, koma aliyense anali wotanganidwa ndi phwando, palibe anamumva. Ndiye iye anadzuka n'kumupatsa chakudya chake chomwe.

Rabbi Akiva anatuluka n'kukaphunzitsa mawu a pa Miyambo akuti chilungamo chipulumutsa kuimfa. M'Chihebri liwu lakuti tzedakah limatanthauza chilungamo komanso kuthandiza osauka. Njoka inalipodi m'khomamo, openda nyenyezi sananame. Koma chimene chimandigwira mtima n'chakuti m'nyumba yodzaza anthu, nyimbo ndi mbale zikusokosera, amene anamva "odi" wa munthu wanjala anali mkwatibwi yekha.