Bodza la Joel ndilo lanyamula gawo loyamba la The Last of Us

Anzanga ena kuno ku Mzuzu akudandaula kuti gawo lotsegulira sizoni yachiwiri ya sewero la pa kanema la The Last of Us, lomwe kanema wa HBO anaonetsa pa 13 Epulo 2025, linali lozizira, ati anatha bandulo poyembekezera kuthamangitsana koma anangopeza anthu akukambirana. Ine sindikugwirizana nawo.

Nkhaniyi ikupitirira patadutsa zaka zisanu, Joel ndi Ellie akukhala ku Jackson, ku Wyoming, m'mudzi wa mpanda womwe uli ndi magetsi, khonsolo komanso magulu olondera pa akavalo. Mtendere umenewu sukufika m'nyumba mwa awiriwa, chifukwa Joel anapha a gulu la zigawenga la Fireflies pachipatala cha ku Salt Lake City, kuphatikizapo dokotala yemwe ankafuna kuchita Ellie opaleshoni yomwe ikanamupha pofunafuna mankhwala a matenda a bowa wa Cordyceps, omwe amasandutsa anthu kukhala zilombo koma Ellie samugwira, kenako analumbira kwa mwanayo kuti panalibe chiyembekezo chilichonse. Ellie tsopano ali ndi zaka 19, ndipo sakumuyankhula bwino munthu amene anamulera.

Pamene pandigwira mtima ndi pomwe Joel, yemwe akuseweredwa ndi Pedro Pascal, wakhala pamaso pa Gail, mlangizi amene amamulipira ndi chamba. Mayiyu akumuuza poyera kuti amadana naye chifukwa anawombera mwamuna wake, Eugene, kenako akumukakamiza kuti aulule chimene anachita kwa Ellie. Misozi ikulengeza m'maso, milomo ikunjenjemera, koma bamboyo akuimirira osaulula. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la milandu ya pabanja amamudziwa mkulu wotere, wokonzeka kufa ndi chinsinsi m'malo mopepesa kwa mwana.

Odwala bowa wa Cordyceps sanasowe. M'sitolo ina yosiyidwa, Ellie akukumana ndi wodwala wa mtundu wina yemwe amabisala ndi kuzembera m'malo mongolumphira munthu, ndipo atalumidwa akucheka bala lake ndi mpeni kuti anthu asadziwe kuti matendawa samugwira. Ndiye kuti nayenso akusunga chinsinsi.

Chomwe sindinakondwere nacho ndi kuonetsa Abby, mtsikana wa m'gulu la Fireflies, koyambirira penipeni, ali pamanda a Fireflies akulonjeza kupha Joel pang'onopang'ono. Pamenepa Craig Mazin ndi Neil Druckmann, omwe anapanga seweroli, anafulumira kutiululira cholinga chake, pamene masewera a pakompyuta a mu 2020, komwe nkhaniyi yachokera, anabisa kwa nthawi yaitali chifukwa chomwe ankafunira kumupha, ndipo woonera akulandidwa mwayi wodzifunsa yekha kuti mtsikanayu ndani.